Gule wa Dzanja Lamanzere

Lolemba, 9 Malichi 1953

Chipale chofewa chayamba kusungunuka. Matope pabwalo mpaka m'akakolo. Mazira asanu ndi anayi, limodzi losweka.

Kabuku aka n'kamene bambo ankalembamo magule awo. Kumapeto kunatsala masamba opanda kanthu, ndiye ndizilembamo ine. Ndi pensulo, kuti ndikalakwitsa ndizifufuta.

Lero miyezi inayi chidwalire bambo. Sitiroko. Dzanja lamanja lakufa, mwendo wamanja wochita kukoka. Mawu kulibiretu. Zaka zoposa makumi atatu akuima pansanja m'holo ya mudzi wathu, kuitanira gule wa kontra: mzere wa amuna uku, wa akazi uku, iwo n'kumafuula chochita chotsatira, anthu n'kumatembenuka ngati munthu mmodzi. Popanda chimkuzamawu. Ankamveka mpaka kusitolo, kutsidya kwa msewu. Lero akafuna madzi amagogoda tebulo ndi supuni.

Chidwalire chawo m'holomo simunavinidwe.

Lachitatu, 11 Malichi

Kunabwera a Burt Sawtelle, oyang'anira holo. Nsapato osapukuta. Akuti phwando la manyuchi lichitika Loweruka pa 11 Epulo masana, ndipo anthu atopa nako kungokhala, akufuna gule. Aitanitsa munthu wa ku Keene wokhala ndi chimkuzamawu chake. Ankalankhula kwa amayi okha, ndipo akacheukira bambo ankakweza mawu ngati akulankhula ndi wogontha. Bambo amamva zonse. Anayang'ana kuzenera mpaka alendowo anapita.

Amayi akusita anati, "Zaka makumi atatu ndi chimodzi pabanja, Arvilla. Ndavina ndi mwamuna aliyense wa mudzi uno, ngakhale a Burt ndi mapazi awo onga mafosholo aja. Koma ndi bambo akowa, ngakhale kamodzi. Iwo pansanja, ine pansi. Tsiku la ukwati wathu lomwe anaitanira okha." Anaseka. Kenako anapita kukhola la nkhuku n'kukakhalitsa. Mazira ndinali nditatola kale.

Bambo anagogoda. Analoza pachifuwa pawo ndi supuni, n'kuloza kumene amayi anatulukira, n'kuloza cha kuholo. Kawiri, kuti ndisanamizire kuti sindinamve. Ndinavomera ndi mutu. Sindikudziwa chimene ndavomera.

Lachisanu, 13 Malichi

Dokotala Whitcomb. Anapima kuthamanga kwa magazi, nkhope osasangalala. Akuti aziyenda pang'ono: kuchoka pakhonde kukafika pageti n'kubwerera, basi, osaonjezera. Pachitseko anauza amayi motsitsa mawu kuti sitiroko yachiwiri ikabwera siidzawasiya. Ndinamva ndikutsuka mbale.

Za gule sitinawauze.

Masana ndinayenda nawo bambo mpaka pageti n'kubwerera, ndikuwerenga chamumtima. Masitepe awo 304. Mawa ndiwerenganso.

Magule athu a masiku onse ngothamanga, sangathe. Wolitsi yokha ndiyo imayenda mwachifatse, patatupatatu. Koma wolitsi ya anthu awiri imafuna kuti mwamuna agwire mkazi kumsana ndi dzanja lamanja. Ndawerenga kabuku konse tsamba ndi tsamba, magule 62. Palibe ngakhale mmodzi wosafuna dzanja lamanja la mwamuna.

Lolemba, 16 Malichi

Madzi a mitengo ya mapulo, ophikira manyuchi, akutuluka bwino, zidebe zikumadzaza pofika masana. Msana wanga.

Bambo popeka gule ankayala nyemba patebulo, zoyera amuna, zofiira akazi, n'kumaziyendetsa ndi chala. Ndinkawaonerera ndili mwana, kukhudza osaloledwa. Dzulo titachoka kutchalitchi ndinaziyala ndekha. Gule wa mizere monga mwa nthawi zonse, koma panyimbo ya wolitsi, ndipo chilichonse ndi dzanja lamanzere. Kupatsana lamanzere, kuyandikirana, kubwerera. Kuzungulirana. Anthu anayi kulumikiza manja amanzere pakati n'kuzungulira ngati gudumu. Kudutsana msana ndi msana, popanda dzanja. Amuna onse lamanja kumbuyo, kuti bambo asaoneke osiyana.

Bambo anayang'ana nthawi yaitali. Anasuntha nyemba ziwiri pamene ine ndinasochera, pa malo oti otsika mzere adutse okwera. Zinagwirizana pomwepo.

Ndinafunsa ngati wa ku Keene uja angavomere kuitanira gule wopekedwa ndi ine. Supuni inaloza ine.

Ine? Kusitolo ndimapereka kapepala m'malo molankhula. Chaka changa chomaliza kusukulu ndinaimirira kuti ndinene ndakatulo, mawu anakana, ndinakhala pansi anzanga akuseka. Anthu akandiyang'ana mawu satuluka. Bambo akudziwa zimenezi. Supuni sinasunthe.

Lachinayi, 19 Malichi

Zalephereka.

Tinayesa kukhitchini, tebulo titakankhira kukhoma. A Ovide Thibodeau, amene akhala akuimbira bambo chiyambire, anabwera ndi vayolini yawo. Ovina anali amayi, a Burt ndi mlamu wawo, ndi azakhali a Lurena, mlongo wa bambo, amene m'holo amaimba piyano.

Chigawo chilichonse ndinachipatsa masitepe asanu ndi atatu, monga m'magule onse a bambo. Anthu ankamaliza kuzungulira nyimbo ikadali pakati, n'kungoima ngati ng'ombe pachipata. A Burt anati, "Tidikire basi pompano, kapena tiyambe wapansi?" A Ovide anatsitsa uta wa vayolini. "Iwe mwana wa Elwin, wolitsi siiwerengedwa ngati mazira. Atatu, atatu, atatu, atatu. Khumi ndi awiri. Masitepe anayi otsalawo ndiwaike m'thumba?" Azakhali nawo: "Gule wamanzere? Chibadwire sindinamvepo. Ndipo mawu akowo, ndimayesa mphaka ali pansi pa mbaula."

Onse anaseka, osati mwankhanza. Ine ndinakabisala kosungira nkhuni mpaka anapita.

Ndawerenganso. Zigawo zisanu ndi zitatu, chilichonse masitepe 12. Ulendo umodzi wa nyimbo masitepe 96. Ndikanawafunsa a Ovide poyamba. Ndinachita manyazi kufunsa, ndiye manyazi ake ndi amenewa.

Lolemba, 23 Malichi

A Ovide anabweranso atatha kukama ng'ombe zawo. Tinalipo atatu okha, iwo, bambo ndi ine. Nyemba m'malo mwa anthu.

Ndikangoti "Zungulirani," supuni inagunda tebulo mwamphamvu. Kachiwiri inagundanso. Kachisanu ndinalira. A Ovide ndiwo anamasulira: ndikuitana mochedwa. Ndikunena mawu pamene phazi liyenera kukhala litanyamuka kale. Anati, "Bambo akowa ankati woitanira amayenda patsogolo pa anthu ndi mpweya umodzi. Ukanena limodzi ndi nyimbo, wawasiya pamsewu." Ndiye bambo anayamba kugogoda masitepe atatu omaliza a chigawo chilichonse, ine n'kumaika mawu pamenepo. Go, go, go. Ulendo wachisanu ndi chimodzi supuni sinakwiyenso.

Zina zimene andiuza, ndilembe ndingaiwale. Mapazi a anthu akadziwa njira, woitanira azikhala chete, nyimbo iwanyamule yokha. Kupukusa dzanja m'mwamba ndi kuuza oimba kuti pitirizani. Chala chimodzi m'mwamba ndiye kuti ulendo uno ndi womaliza. "Ukapanda kuchikweza ine ndiimba mpaka Yesu abwere," anatero a Ovide. "Vayolini iyi siimva abusa, siimva mkazi wanga, imamva woitanira yekha."

Atapita, bambo anandigwira pamkono. Dzanja lawo lapepuka.

Lachisanu, 27 Malichi

Ndikumayeserera kutchire pokhuthula zidebe. Kuitanira mitengo. Lero galu wa kutsidya kwa chigwa anauwa, ndiye kuti mawu anafika.

Ndapeza poimika bambo. M'gule wathu oima kumutu kwa mzere amatsika malo amodzi ulendo uliwonse mpaka kumchira, osapuma. Ena amakwera chimodzimodzi, ndipo akafika kumutu amaima kunja kaye. Ndayesa ndi nyemba kasanu. Bambo ndi amayi akaima pamalo achinayi, akwera maulendo atatu okha n'kufika kumutu, pafupi ndi nsanja. Pamenepo ndiika mpando. Maulendo atatu ndi masitepe 288. Pageti n'kubwerera 304, 301, 306. Zikukwana, n'kutsalako.

Malo achinayi. Ndalemba mizere iwiri pansi pake.

A Burt avomera kuti ndiitanire gule mmodzi yekhayo, woyambirira, ena onse wa ku Keene. Ndinafuna kuwafotokozera za malo achinayi ndi chifukwa chake. Anali pathalakitala, injini ikulira, ndikanayenera kufuula. Ndinangoti zikomo.

Lachiwiri, 31 Malichi

Tayesanso kukhitchini, anthu omwe aja. Zatheka kuyambira poyamba mpaka pamapeto, palibe anaima kudikira nyimbo. A Burt anatulutsa lamanja kawiri mwachizolowezi, azakhali n'kulimenya. "Bwezani uko, likufuna chiyani?" Mlamu wawo anamanga lake kulamba ndi mpango.

Bambo pampando, maso pa mapazi a amayi.

Povala jasi azakhali anandikokera pakhonde. "Dokotala akudziwa zimenezi?" Ndinayang'ana pansi. Anati, "Mchimwene wangayu ndi wamakani chibadwire. Ali mwana anadumpha padenga la khola chifukwa choti ndinati sangathe. Usamamumvere zonse." Ndinawaonetsa masamu anga m'kabuku. Anawerenga bwinobwino, magalasi pamphuno. "Maulendo atatu," anatero. "Wachinayi ndikutsekera piyano."

Isitala, 5 Epulo

Dzulo bambo anagwa. Ankayeserera ndi amayi, ine ndikung'ung'uza nyimbo. Ulendo wachiwiri bondo linapindika, anagwera pa bokosi la nkhuni. Chigongono chasupuka, china palibe. Amayi anati, "Tisiye, Arvilla. Ndinangolankhulapo ine tsiku lija, pakamwa pangapa." Bambo anatola supuni n'kuiponya kukhoma. Sanachitepo zotere. Kenako anaimirira okha, kugwira tebulo, n'kutambasula dzanja lamanzere. Anadikira. Amayi analilandira.

Lero maulendo atatu athunthu. Milomo yotuwa, koma anatha.

Kutchalitchi dokotala anandipatsa moni n'kufunsa za bambo. Ndinati ali bwino. Bodza pa Isitala.

Lachisanu, 10 Epulo

Malaya oyera a bambo achapidwa, asitidwa. Kolala yawakulira. Amayi akonza mpendero wa diresi yawo yobiriwira, ija ankati sadzavalanso. Madonasi aphikidwa, ali m'mabeseni awiri.

Ndakopera gule pakhadi, zilembo zazikulu. Pamwamba ndasiya popanda kanthu. Bambo ankati gule amapatsidwa dzina atavinidwa, ngati mwana atabadwa.

Mpando ndakausiya kale m'holo, pafupi ndi nsanja, ndamangapo kansalu kuti wina asakhalepo.



Lamulungu, 12 Epulo

Ndilemba mwandondomeko, chifukwa mutu ukuzungulira.

Holo inadzaza cha m'ma 2 koloko masana. Manyuchi otentha othira pachipale, madonasi, nkhaka zowawasa. Wa ku Keene atavala chipewa chachikulu, akulumikiza mawaya ake. Anandipatsa chimkuzamawu. Ndinapukusa mutu. Bambo sankachigwira.

Bambo atalowa anthu anaimirira. Ena anayang'ana pansi.

Ndinakwera pansanja. Ndinati, "Mizere, chonde." Palibe anamva. A Ovide anakhwekhwereza uta pazingwe mpaka anthu anatseka makutu. "Mwana wa Elwin akulankhula, akhwangwala inu!" Ndinabwereza, maso ndili pa wotchi ya kukhoma. Mawu anatuluka a kutchire aja.

Amuna khumi ndi awiri, akazi khumi ndi awiri. Bambo ndi amayi pamalo achinayi, monga ndinawaikira. Ndinaphunzitsa gule moyenda chabe, popanda nyimbo. Amuna kung'ung'udza. Wina anati, "Nanga lamanjali tilikoloweke pamsomali?" Kenako anayang'ana bambo n'kulibisa kumbuyo.

Onse atabwerera m'malo mwawo kuti tiyambe, a Burt anafuula. "Iyayi anthuni, manyazi bwanji! A Elwin pachinayi? Eni ake holo ino? Kumutu, achimwene, kumutu!" Anthu m'manja. Amene anali kumutu anasuntha mokondwa. Ankachita mwaulemu, ndikudziwa. Kumutu ndi kumene timaimika akwati.

Koma kumutu ndiye kutsika mzere wonse. Maulendo khumi ndi umodzi. Mpando kutsala kumbuyo.

Ndinatsegula pakamwa. Panalibe kanthu. Maso onse pa ine. Ndipo bambo, amene amadziwa kuwerenga mzere kuposa wina aliyense, anayenda okha kupita kumutu, akukoka mwendo, amayi pambuyo pawo. Palibe anawakankha.

Ndinadziuza kuti palibe chovuta, ndikweza chala, wachitatu ukhale womaliza.

Azakhali anayamba, a Ovide analowa. Ulendo woyamba sindinachedwe ngakhale kamodzi. M'mutu mwanga supuni ija, go, go, go. Wachiwiri chimodzimodzi. Manja amanzere okhaokha, mizere ikuyandikirana n'kubwerera ngati kupuma kwa munthu wogona. Amayi akuoneka ngati mtsikana.

Wachitatu ukuyamba ndinanyamula chala. Bambo anandiona. Anasiya dzanja la amayi n'kupukusa lawo m'mwamba, monga ankachitira zaka zonse: pitirizani. Ndinacheukira a Ovide. Sanayang'ane bambo, anayang'ana ine. Anati, uta ukuyendabe, "Woitanira lero ndiwe."

Ndinatsitsa dzanja.

Ndalemba momwe zinalili. Palibe anandigwira mkono. Ndinalitsitsa ndekha.

Wachinayi azakhali sanatseke piyano. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, zala zikuimbabe.

Wachisanu ndinasiya kuitana, mapazi anali atadziwa. M'holo munangotsala vayolini, piyano ndi nsapato. Pakati pa nsapato zonsezo ndinkamva za bambo: ponda, ponda, khwee. Wachisanu ndi chiwiri nkhope yatuwa, malaya anyowa kumsana. Chala changa chinanyamukanso chokha. Koma aliyense wokumana nawo ankawalandira dzanja mosamala n'kuwapereka kwa wotsatira, ndipo bambo ankayang'ana aliyense m'maso, mmodzimmodzi, anthu amene zaka zonsezi ankangowaona pamwamba pa mitu. Akabwerera kwa amayi, amayi ankanena kanthu, sindikudziwa chiyani. A Burt akulira poyera, misozi ndi mamina omwe.

Wa khumi ndi umodzi ndinakweza chala. Anafika kumchira, pafupi ndi chitseko, nyimbo n'kutha. Anakhala pabenchi yoikapo majasi, amayi pambali pawo, manja osasiyana. Anthu anachedwa kuomba m'manja.

Masitepe 1,056.

Lero bambo adzuka, adya phala, amwetulira ndi mbali yamoyo ya pakamwa. Mwina palibe kanthu. Mwina.

Lachiwiri, 14 Epulo

Dzulo m'mawa, tikudya. Supuni inagwa pansi. Ndinawerama kuti nditole, podzuka mutu wa bambo uli patebulo.

Ali pabedi, maso otseka. Dokotala akuti tiitane achibale. Za gule anamva kusitolo. Sanandikalipire. Bola akanatero.

Lolemba, 20 Epulo

Anatisiya Lachitatu masana. Maliro Loweruka. Msewu wa kumanda matope okhaokha, galimoto sikanakwera, bokosi linapita pangolo ya a Burt yokokedwa ndi akavalo.

A Ovide sanabwere ndi vayolini. Akuti zala zikukana.

Azakhali potsuka makapu a anthu a pamaliro, osandiyang'ana: "Chala chimodzi chabe, mwana iwe. Chimodzi." Ndinafuna kufunsa za piyano imene sinatsekedwe. Sindinafunse. Kenako anandipukuta manja ndi nsalu yawo, chala ndi chala, ngati ndili ndi zaka zisanu.

Dokotala ndinawafunsa pageti ngati ndi gule uja anachititsa. Mawu anatuluka, sindikudziwa kuti zinatheka bwanji. Anati sitiroko ikanatha kubwera ali khale pampando, ikanathanso kudikira chaka. Akuti palibe angadziwe. Ine ndimafuna nambala. Sanandipatse.

A Burt abweretsa nkhuni ngolo yathunthu, atsitsa, asanja, apita osagogoda. Wina wawauza za malo achinayi. Si ine. Ndikanawauza tsiku la thalakitala lija.

Amayi chiyambire Lolemba lija sanalankhule nane kupatula za mchere ndi nkhuku.

Lachinayi, 23 Epulo

Mvula. Zidebe zatsukidwa, zasanjidwa mpaka chaka chamawa.

Ndayenda mpaka pageti n'kubwerera katatu ndi theka, ndikukoka mwendo wamanja, kuti ndione. Ndinatopa ine wabwinobwino.

Supuni ija wina anaitsuka n'kuiika m'kabati pamodzi ndi zinzake. Ndazitulutsa zonse. Sindikuizindikira kuti ndi iti.

Lamulungu, 26 Epulo

Titachoka kutchalitchi amayi anandiitanira pazenera. Anandionetsa kuseri kwa dzanja lawo lamanzere. Timadontho tinayi tachikasu motsatana, kena m'chikhatho. Zala za bambo. Akuti sabata yoyamba tinali takuda bii. "Tikuzimirira," anatero. "Ndikumasamala posamba, koma tikuzimirira."

Kenako anati, "Paulendo wachisanu ndi chiwiri ndinawanong'oneza kuti tikhale pansi. Anandifinya apa. Wotsatirawo ndinasiya kupempha, chifukwa nanenso sindinkafuna kuti ithe. Ndiye ukamawerenga olakwa m'kabuku kakoko, uyambire ine." Anawonjezera kuti, "Komatu sankadziwa kuvina bambo akowo. Anandiponda kanayi. Zaka makumi atatu akuuza anthu poponda!"

Tinaseka mpaka tinagwirana. Kenako sikunalinso kuseka, koma sitinasiyane.

Sizinachoke. Chala chinali changa.

Lachitatu, 29 Epulo

Kalata ya a Burt pansi pa chitseko. Munthu wokhala kuseri kwa phiri lomweli, kuchita kulemba kalata. Akuti wa ku Keene anthu sanamukonde, salola nyimbo kumveka, amalankhula mpaka pamapeto. Akuti Loweruka pa 9 Meyi holo ilipo, ngati ndingafune. Ngati sindingafune amvetsa. Mawu akuti amvetsa alembedwa kawiri.

A Ovide anadutsa popita kuchigayo. Akuti anthu akufunsa gule uja. "Tsopano tibwezeremo dzanja lamanja, poti palibenso wolisowa?" Ndinati ayi. Anati nanga dzina lake? Pakhadi pakadali popanda kanthu.

Ndinayala nyemba patebulo, mizere iwiri, khumi ndi ziwiri uku, khumi ndi ziwiri uku. Ndinangokhala n'kumaziyang'ana. Kuziyendetsa osatha. Ndabwera kuchipinda kuno kudzalemba yankho la a Burt. Pepala likadali loyera.

Amayi akufuula ali kukhitchini, akuti nyemba zili patebulozi aphike kapena bwanji.

Ndayankha kuti azisiye.

Amva. Chitseko chili chotseka.